Khonde Lopanda Zovala

"Taonani, zabweranso nsanza zija!" anatero a Mizere, akugogoda galasi la laputopu ndi chikhadabo. "Nyumba yabwinobwino, zipilala zowongoka, dzuwa lagwa pamalo pake. Ndiye pakona apa diresi, masokosi, nanga ichi n'chiyaninso? Thawulo?"

Onse anaseka. Anali atazungulira tebulo lawo la Loweruka lililonse m'kanyumba komwera tiyi, makapu atakankhidwira kumbali, makamera ali pamiyendo. Chithunzicho chinali cha a Mawotchi, koma a Mawotchi anangokhala duu. Lamulo la gululi linali lakuti mwini chithunzi amatseka pakamwa mpaka aliyense atanenapo zake. Analikhazikitsa ndi a Mizere omwewo, mkulu amene anakalambira pa ntchito yojambula mapulani a nyumba. Atapuma pa ntchito anasonkhanitsa anthu okonda kamera kuti aziyenda m'tauni n'kumajambula nyumba zakale zisanagwetsedwe. Dzina lenileni la mkuluyo linatayika kalekale, chifukwa sankatha kumaliza chiganizo osatchula mizere.

"Ine ndinanena kale," anatero Wakubanki, amene kamera yake inali yodula kuposa za onse koma zithunzi zake zili zapakatikati. "Andipatse chithunzichi ndikachikonze pa kompyuta. Zovala zonsezi ndikaanula ine, eni ake osadziwa."

"Wakuba zovala za pachingwe!" anatero a Nesi. "Ku banki kujanso mumatero eti?"

"A Nesi, nenani za chithunzi," a Mizere anawadula.

A Nesi anali atabwera molunjika kuchokera kuchipatala, maso ali ofiira ndi tulo. Anasendeza laputopu pafupi n'kuyang'anitsitsa.

"Ine changa n'chimodzi. Nyumba iyi ili ndi makonde ambirimbiri. Koma a Mawotchi akaijambula, looneka bwino kwambiri limakhala lomweli la pakona, la pamwamba. Zipilala mukuziyamikirazo zachita kachimbuuzi. Diso la kamera lili pa diresi."

"Ndiye kulakwitsako kumeneko!" anatero a Mizere. "Ife timajambula nyumba. Wofuna kujambula zochapa apite kumtsinje. Achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani tsiku limene sanachape. Chabwino, mwini chithunzi, lankhulani."

A Mawotchi anamwetulira n'kukanda kumutu. "Ndamva. Ndiyesanso."

"Chaka chatha munateronso," anatero Wakubanki, ndipo phwete linabukanso.

Nyumba ankakanganirayo inali tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi kanyumba ka tiyi komweko. Inali yosanja, yakalekale, ya makonde a zitsulo zopotanapotana, penti wake atasuwa ndi mvula. Pansi panali masitolo, pamwamba pankakhala mabanja. Kuseri kwa khonde la pakona lija kunkakhala mwana amene a Mawotchi analera, ndipo m'gulu monse munalibe ankadziwa zimenezi.

Mwanayo anam'peza akukwawa, pamene ankakwatira mayi ake. Bambo wom'bereka anali atapita kutali kukafuna ntchito n'kungoti zii. A Mawotchi ndi amene anam'gwira dzanja poyamba kuyenda, ndiwonso ankathamanga naye kuchipatala akatentha thupi. Anam'patsa dzina loti Katsabola, chifukwa akakwiya nyumba yonse inkatsokomola. Atayamba sukulu, akaweruka ankakhala pa kampando m'kashopu kawo kokonzera mawotchi, n'kumaika mawotchi a eni kukhutu imodziimodzi kuti amve imene ikudwala. Ankawaitana kuti adadi, ndipo panalibe anam'phunzitsa kutero.

Kenako bambo wom'bereka uja anabwerako, ali ndi galimoto ndi mawu okoma. Banja la a Mawotchi linali litayamba kale kuzizira, choncho silinachedwe kutha. Panalibe ndewu. Mayi a mwanayo analongedza katundu, ndipo ali pakhomo anapempha chinthu chimodzi.

"Musamabwere, chonde. Mwana asokonezeka ndi abambo awiri. Mulekeni azolowere."

A Mawotchi anavomera, poti anali munthu wovomera. Nanga akanatsutsa ndi chiyani? Anthu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mawu amenewa amakoma pomulera basi. Mwini wake akatulukira, iwe umatsala ndi manja okhaokha.

Lonjezo analisunga. Masitepe a nyumbayo sanawapondepo, pageti la sukulu sanaimepo. Koma miyendo inkawapititsabe mumsewu umenewo, ndipo bambo woima yekha n'kumayang'ana m'mwamba pa nyumba za eni amaoneka ngati wakuba. Tsiku lina anapeza gulu la anthu litaima pamalo pomwepo, likuyang'ana nyumba yomweyo nthawi yaitali, popanda wolifunsa. Kusiyana kwake kunali kwakuti anthuwo anali ndi makamera m'khosi. Sabata isanathe a Mawotchi anagula kamera yakale kwa kasitomala wawo wina, n'kukalowa gulu.

Zojambulazo anadzazikondadi, tisawanamizire. Anaphunzira kudikira mthunzi kuti ufike pofunika, kusuntha cham'mbuyo kuti khoma lisaoneke ngati likugwa chagada, kuleza mtima mpaka wanjinga adutse. Koma gulu likamasonkhana m'mawa, lisananyamuke kupita kumene a Mizere asankha tsikulo, iwo ankayamba aima pafupi ndi pholo la magetsi n'kujambula nyumba ya tsidya. Mwanayo sanam'onepo pakhondepo. Ankangoona zovala zake, ndipo zovalazo n'zimene zinkawauza nkhani. Anaona diresi la sukulu likutalika, m'munsi mwake atamasula n'kupindanso. Anaona masokosi a timaluwa akutha, m'malo mwake kubwera oyera a ana okulirapo. Mwezi wina pachingwe panaoneka malaya a masewero okhala ndi nambala kumsana, ndipo a Mawotchi anasangalala sabata yonse. Katsabola, amene ankathawa mpira ngati waona njoka, tsopano akusewera! Nyengo yozizira juzi ikapanda kuoneka, ankadandaula okha m'kashopu kuti mwana akuyenda ndi mphepo. Ankam'sowa koopsa, ndipo kum'sowako sikunkachepa ndi zaka monga anthu ankawalonjezera.

Loweruka lotsatira kunacha bwino, kopanda mtambo. A Mawotchi anafika anzawo asanabwere, anaima pa pholo paja n'kukweza kamera. Khonde linali mbee. Panalibe diresi, panalibe sokosi, ngakhale chingwe chenichenicho chinali chitamasulidwa. Pawindo panalibe makatani, galasi linkangoonetsa thambo.

Anatsitsa kamera n'kuyang'ana ndi maso, ngati kuti kamerayo ndiyo ikunama. Mwina achapa makatani, anadziuza. Koma wochapa makatani amasuliranji chingwe? Anakwezanso kamera kuti aone bwino, ndipo chala chinadina chokha mwachizolowezi.

Tsiku limenelo gulu linapita ku nyumba yakale yosungiramo katundu kufupi ndi njanji. A Mizere ankathamangathamanga ngati alibe nyamakazi, akuloza njerwa za pamwamba pa zitseko, akukalipira Wakubanki kuti mthunzi wake walowa m'chithunzi cha mnzake.

"Kamera yodula siichotsa mutu wako panjira, iwe! Sendera uko!"

A Mawotchi ankangotsatira m'mbuyo, kamera ikulendewera pamimba. Sanajambule kanthu. Choncho atabwerera ku tiyi, pamene aliyense ankapereka chithunzi chake cha tsikulo, iwo anali ndi chomwecho cha m'mawa.

Chitaoneka pa laputopu, a Mizere anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso.

"Eyaa!" Anamenya tebulo mpaka masupuni analira m'masosala. "Izi ndiye zithunzi! Taonani mizere, abale anga! Kuchokera pansi mpaka kudenga, palibe chosokoneza diso. Si ndinkanena ine kuti dekhani? Achimwene, lero ndiye mwakula."

"Ichi n'chopachika pakhoma ichi," anavomereza Wakubanki. "Nenani zoona, mwachita kukawagwadira kuti aanule eti?"

Enanso anathirirapo ndemanga. Wina anayamikira kuwala kwa pawindo lopanda katani, akuti likuoneka ngati madzi. Wina anati chithunzichi chili ndi mtendere. A Mawotchi anakhala chete monga mwa lamulo, akumvetsera anzawo akuombera m'manja tsiku limene mwana wawo wasowa. Tiyi anazizirira m'kapu. Kwa nthawi yoyamba analithokoza lamulo lija, chifukwa akanati atsegule pakamwa sankadziwa chimene chikanatuluka.

A Nesi anatsalira kumapeto. Iwo sankayang'ana laputopu, ankayang'ana a Mawotchi.

"Chithunzichi n'chokongola," anatero pang'onopang'ono. "Koma ndi chikomekome cha mkuyu. Ine ntchito yanga ndimakhalira kuona nkhope za anthu amene angouzidwa kumene zotsatira. A Mawotchi, pakhonde paja pankakhala ndani?"

"A Nesi, pano timafunsa za chithunzi," anatero a Mizere.

"Ndikufunsa za chithunzi chomwechi."

A Mizere anatembenuka, ndipo apa m'pamene anaiona nkhope ya mnzawoyo. Anatsitsa mawu. "Mwini chithunzi, lankhulani."

"Mwana wanga," anatero a Mawotchi. Kenako anadzikonza okha. "Mwana amene ndinalera. Zikuoneka kuti asamuka."

Anafotokoza mwachidule, maso ali m'kapu: za mwana wom'peza, za bambo wom'bereka, za lonjezo la pakhomo, za diresi limene linkatalika. Wakubanki, uja ankafuna kuanula zovala pa kompyuta, anayamba kuseweretsa chivindikiro cha kamera yake. A Mizere anatseka laputopu mosamala ngati akufunditsa wodwala.

"Nthawi yonseyi ine ndikumati nsanza," anatero. "Bwanji osanditseka pakamwa, achimwene?"

"Lamulo lanu lomwe," anayankha a Nesi. "Mwini chithunzi salankhula."

Wina anaseka pang'ono n'kulekera panjira. A Nesi anatembenukira kwa a Mawotchi.

"Ndiye mwakhaliranji pano? Safunsa anadya phula. Kwerani mukafunse kumene alowera."

"Ndinalonjeza kuti masitepe amenewo sindidzawaponda."

"Munalonjeza anthu okhala m'nyumbamo. Panopa mulibe munthu. Mukuopa kusokoneza makoma?"

A Mawotchi anayang'ana a Mizere, ngati mwana wopempha chilolezo kwa mphunzitsi.

"Pitani," anatero mkuluyo. "Tiyi wanu tikusungirani."

Msewu umene anaudziwa kwa zaka anauwoloka ngati wachilendo. Mlonda wa pakhomo ataona kamera sanafunse zambiri.

"Ojambula aja eti? Kwerani, koma chogwirira cha pamasitepe n'chogwedera, musachidalire."

M'masitepemo munali mdima, mukununkhira sopo ndi anyezi wokazinga. Pamakoma ana anali atalembalemba ndi makala. A Mawotchi ankakwera pang'onopang'ono, akuganiza kuti apa ndi pamene Katsabola ankadutsa m'mawa uliwonse ndi chikwama kumsana, mwina akudumpha sitepe imodzi monga ankachitira kale. Atafika pamwamba anapeza chitseko cha nyumba ya pakona chili pululu. M'katimo mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo ankakolopa, ndowa ili pambali.

"Ngati mukufuna nyumba, yatengedwa kale," anatero mayiyo asanaweramuke n'komwe. Ataweramuka anaona kamera, kenako nkhope, ndipo anaimika mopu. "Dikirani kaye. Si inu a pa pholo paja?"

Mayiyo anasendera pafupi.

"Ndinu ndithu! Adadi a kamera! Lowani, bambo, musaope madziwa. Bwerani muone."

Anawatsogolera kudutsa pabalaza popanda mpando ndi umodzi womwe, n'kutsegula chitseko cha kukhonde. A Mawotchi anatuluka n'kuyang'ana pansi. Pholo lija linali pomwepo, poyera, ngati laikidwa dala kuti lizioneka kuchokera pakhondepo. Kanyumba ka tiyi kankaoneka konse, ndi anzawo ataima pakhomo pake, mitu ili chagada. Zaka zonsezi iwo ankadziona ngati abisala m'chigulu cha anthu. Munthu woima pamenepo ankaoneka mpaka dazi.

"Mtsikana uja ankakuonani Loweruka lililonse," anatero mayiyo. "Ankaima kuseri kwa katani, apa. Mayi ake amachapa Lachisanu, zovala n'kuuma tsiku lomwelo, n'kuanula. Koma Loweruka m'mawa iye uja wadzuka, watenga zake zouma kale, akuziyanikanso. Tsiku lina ndinam'funsa ndili pakhonde langa, ndinati iwe, mutu ukuyenda bwino? Zouma amayanika? Akuti, 'Azakhali, ndikufuna adadi aone kuti ndakula.' Ndiye tsiku limene anam'sankha mu timu ya mpira, malaya aja anawayanika asanawavale n'komwe."

A Mawotchi anagwira chitsulo cha khonde ndi manja onse awiri.

"Nanga bwanji sankatuluka?" Mawu awo anamveka ngati a munthu wina. "Kungondikweza dzanja chabe?"

"Ndinam'funsanso zimenezo. Akuti munalonjeza mayi ake. Ndiye ankaopa kuti mukadziwa kuti akukuonani, muchita manyazi n'kusiya kubwera."

Misozi inatsika, ndipo a Mawotchi sanaibise. Iwo ankabisala kuti mwana asasokonezeke, mwana ankabisala kuti iwo asathawe, ndipo pakati pawo panali msewu umodzi wokha. Zinawapweteka kuposa tsiku lija la katundu pakhomo.

"Apita kuti?"

"Bambo aja awasamutsa kuntchito. Kutali ndithu, ulendo wa tsiku lathunthu. Anyamuka Lachinayi. Mwana analira, bambo inu, masitepe onsewa anamva. Akuti dikirani Loweruka lidutse kaye. Koma lole inali itafika kale, ndipo lole sidikira mwana."

Mayiyo anawayang'ana pang'ono, kenako anatola ndowa yake n'kulowa m'chipinda china, akudzipezera chochita.

Nambala ya mayi a Katsabola inali ikadali m'foni mwawo. Mafoni anasintha angapo, koma nambalayo ankaisamutsa nthawi zonse popanda kuiimba. Anaiyang'ana kanthawi. Ankadziwa kuti akhoza kukanidwa, ndipo akakanidwa lero sipadzakhalanso khonde loti aziyang'ana. Anadina.

Inalira nthawi yaitali.

"Halo?"

"Ndine."

"Ndadziwa. Chachitika n'chiyani?"

"Palibe chachitika. Ndaima pakhonde la nyumba mwasamukayi. Lonjezo lija ndalisunga mpaka lero, inunso ndinu mboni. Koma lero ndalephera. Sindikufuna kulanda mwana wa munthu, ayi. Ndikungopempha kuti ndizimva mawu ake, ngakhale mwa apo ndi apo."

Kumbali inayo kunkamveka phokoso la nyumba yatsopano, wina akukhoma msomali, wina akukoka katoni pansi. Kenako kunamveka mawu a mtsikana, chapatali: "Amayi, mabukuwa ndiike pati?" Anali mawu okhwima, otsika kuposa amene a Mawotchi ankawakumbukira. Akanawamva mumsewu sakanatembenuka n'komwe. Anakanikiza foni kukhutu mpaka khutu linapweteka, koma mawuwo sanabwerenso.

Mayi a Katsabola anapuma mozama. Zinamveka kuti watuluka panja n'kutseka chitseko.

"Chifikireni kuno sakudya bwino," anatero motsitsa mawu. "Ndimaona ngati ndi ulendo. Za Lowerukazo ndinkazidziwa, musaganize kuti ndilibe maso. Koma si nkhani yoti ndingagamule ndekha. Ndifunse kaye bambo ake."

Mawu akuti bambo akewo anawalasa pamtima, koma anawameza.

"Afunseni," anatero. "Ine kudikira ndimatha."

"Ndikuimbirani."

Foni inaduka. Pansi paja a Mizere anatambasula manja onse awiri, kufunsa kuti zatha bwanji. A Mawotchi analibe yankho loti n'kulionetsa ndi manja. Anakweza kaliridwe ka foni mpaka pamapeto, anaiika m'thumba la pachifuwa, n'kutsazika mayi wokolopa uja. Anatsika masitepe amdima aja pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pakhoma, lina lili pathumba.